Utsi ukubwerera m'khitchini, nditani?

FUNSO: Ndinamangitsa mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni. Koma mwera ukangoyamba, utsi wonse umabwerera m'khitchini mpaka ana kutsokomola. Chalakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Mtakataka

YANKHO: Pepani mayi. Ndikukayikira chumuni chanucho kuti n'chachifupi. Mwera wa mu Juni ndi Julaye umawomba mwamphamvu kunyanja kuno, ndipo ukagunda denga kapena mtengo wa mango umatembenukira pansi n'kukankhira utsi m'kati. Uzani mmisiri achitalikitse kuti chipitirire nsonga ya denga ndi masentimita 60, aikeponso kachipewa ka lata, kosiya mpata m'mbali. Nthambi zoyandikira zisadzeni.

Suzumiraninso m'kati mwa chumunimo, moto utazima. Mwaye umaunjikana n'kutseka njira, makamaka ngati mumasonkhezera nkhuni zaziwisi. Upaleni ndi nsungwi yomangirira chiguduli.

Poyatsa, yambani ndi udzu wouma kuti chumuni chitenthe, chifukwa chikakhala chozizira sichikoka bwino utsi. Tsekulaninso pang'ono zenera la mbali yochokera mphepo.

Chonde musazengereze. Utsiwu umawononga maso ndi mapapo, ndipo mwana wakumsana ndiye amaupuma kwambiri.