CITSIME CA YAKOBO NDI MSASA WA BALATA

Werengani: Yohane 4:1-42, Genesis 33:18-20, Levitiko 19:33-34.

Nkhani ya Ambuye Yesu ndi mkazi wa ku Samariya tonse tiidziwa kuyambira ubwana wathu. Koma ambiri sadziwa kuti citsime cija cikalipo, ndi kuti madzi ace amwedwa kufikira lero. Sadziwanso kuti patsidya pa mseu, pafupi ndithu ndi citsimeco, pali msasa wa anthu othawa nkhondo. M'phunziro lino tiyang'ane malo awiriwa pamodzi, pakuti Mkristu sayenera kupenya amodzi ndi kutsinzina pa enawo.

1. Mzinda wa pakati pa mapiri awiri

Mzinda wa Nablus uli makilomita ngati 50 kumpoto kwa Yerusalemu, m'cigwa ca pakati pa phiri la Gerizimu ndi phiri la Ebala. Aroma anaumanga m'caka ca 72, naucha Neapolis, ndiko kunena Mzinda Watsopano. Kum'mawa kwace kuli bwinja la Sekemu, kumene Abrahamu anamangira Mulungu guwa la nsembe atangolowa m'Kanani. Komweko Yakobo anagula munda kwa ana a Hamori ndi ndalama 100, ndipo m'munda umenewo ana a Israyeli anaika mafupa a Yosefe ocokera nao ku Aigupto.

Citsime ca Yakobo cinakumbidwa m'thanthwe, ndipo kuya kwace ndi mamita ngati 40. Mkazi uja sananame pamene anati ncakuya. Lero ciri pansi pa nyumba ya mapemphero ya mpingo wa Greek Orthodox, ndipo alendo atsikira kumeneko, natunga ndi cingwe, namwa. Pafupi pomwepo pali manda ochedwa a Yosefe. Pamwamba pa Gerizimu pakali Asamariya. Mtundu wao wonse sukwana anthu 1,000, ena pa phiripo, ena ku Holon m'dziko la Israel. Koma caka ndi caka asonkhana pa phiri lao, naphera nkhosa za Paskha monga anacitira makolo ao.

2. Anthu a patsidya pa mseu

M'caka ca 1948 dziko la Israel linakhazikitsidwa, patapita zaka zitatu cithere nkhondo imene Ayuda 6 miliyoni anaphedwamo ku Ulaya. Panabuka nkhondo pakati pa Ayuda ndi Aarabu, ndipo anthu a ku Palestine oposa 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa m'midzi mwao. Ambiri anakhoma zitseko, natenga mfungulo, poyesa kuti adzabwerera patapita masabata owerengeka.

Msasa wa Balata unatsegulidwa m'caka ca 1950, pa malo a mahekitala 25 okha, oti akhalepo anthu ngati 5,000. Ambiri a iwo anacokera ku Jaffa, ku Lydda, ndi ku midzi yozungulira. Maina amenewa si acilendo kwa ife. Jaffa ndiye Yopa, kumene Petro anaukitsa Dorika. Lydda ndiye Luda, kumene anaciritsa Eneya.

Poyamba anagona m'mahema. Pambuyo pace bungwe la UNRWA, limene United Nations inakhazikitsa m'caka ca 1949 kuti liwasamalire, linawamangira tinyumba ta simenti, ndi masukulu, ndi cipatala. Ana anabadwa, adzukulu ndi zidzukulu-tudzi, koma malire a msasa sanasunthe. Lero m'menemo muli anthu oposa 20,000. Popeza pansi panadzala, amanga nyumba pamwamba pa inzace. Tinjira tina n'topapatiza kotero kuti munthu akhudza makoma onse awiri ndi mapewa, ndipo m'zipinda zambiri dzuwa silowamo. Alimi opanda minda ndi asodzi opanda nyanja anafera m'menemo, nasiyira ana ao mfungulo za nyumba zimene zambiri zinagumulidwa kale.

M'December 1948 United Nations inagamula kuti ofuna kubwerera ndi kukhala mwamtendere ndi anansi ao aloledwe. Boma la Israel linakana, poopa kuti Ayuda angacepe m'dziko lao. Kuyambira 1967 dera limeneli liri pansi pa asilikari a Israel, ndipo Balata waona mwazi wambiri, makamaka m'nkhondo zoyamba mu 1987 ndi mu 2000. Ngakhale malo opatulika sanapulumuke. M'caka ca 1979 wansembe wosunga citsime, Philoumenos, anaphedwa ndi nkhwangwa pamalo pomwepo. Ndipo manda a Yosefe anatenthedwa m'caka ca 2000. Amai alira mbali zonse ziwiri.

Abale a ku Petauke akumbukira anzathu a ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi. Iwo anabwerera kwao mtendere utapangidwa m'caka ca 1992. A ku Balata adikira zaka zoposa 70.

3. Cimene citsime citiphunzitsa

Pa citsime cimeneci Yesu anafika ali mlendo wolema ndi waludzu, wopanda cotungira. Anapempha madzi kwa munthu wa mtundu umene anthu ace sanadyerana nao. Mkaziyo anafuna kumkokera ku mlandu wakale wa mapiri, kuti malo oyenera kupembedzapo ndi Gerizimu kapena Yerusalemu. Ambuye sanamangirire cipembedzo coona pa phiri. Anacimangirira pa mzimu ndi coonadi. Ndipo atapemphedwa, anagona m'mudzi wa Asamariya masiku awiri.

Cifukwa cace tisalemekeze miyala koposa anthu. Amene atsikira kukamwa madzi a Yakobo, naturuka osakumbukira okhala patsidya pa mseu, wamwa madzi koma sanamve mau a Iye amene anakhala pamenepo. Ambiri a ku Balata ndi Asilamu. Mkazi uja sanalinso wa cipembedzo ca Yesu, koma ndiye amene Ambuye anayamba kumlankhula.

Ife sitingathe kuweruza mlandu wa dziko limenelo tiri kuno. Koma lamulo la Mose linati mlendo akondedwe monga mbadwa, popeza Israyeli yemwe anali mlendo. Aliyense wa ife ali nayo mfungulo ya nyumba imene ikali ciimire, ndi citsime cotungapo. Mlendo adzafika, ndipo adzapempha madzi.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Yesu anayamba ndi kupempha, osati ndi kupatsa?
2. M'dera lathu ndani akhala pakati pathu wopanda munda ndi abale?
3. Mpingo wathu wamcitira ciani caka cino?

Pemphero

Mulungu wa Abrahamu, kumbukirani okhala ku Balata, ndi onse osowa kwao. Letsani mwazi pakati pa Ayuda ndi Aarabu, ndipo mutipatse mtima wosamana madzi. M'dzina la Yesu Kristu. Amen.