Dziwani ufulu wanu: poloti, msewu ndi msonkho

Mapoloti akamagawidwa m'mphepete mwa Lilongwe kapena Blantyre, ambiri amathamangira kuumba njerwa asanafunse za msewu, mipope ya madzi ndi ngalande. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga ayambe walandira chilolezo, ndipo wodula mapoloti naye ayenera kuvomerezedwa. Musapereke ndalama musanaone pulani ya mapolotiwo. Funsaninso kuti msewu adzalambula ndani, wogulitsayo kapena khonsolo, ndipo yankho lilembedwe m'pangano.

Izi si zamapepala chabe. Mu 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba zomangidwa m'mbali mwa phiri la Soche, anthu ambiri n'kufa.

Ngati mumapereka msonkho wa nyumba ku khonsolo, muli ndi mphamvu yofunsa komwe ndalamazo zikupita. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga m'maofesi aboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye lembani kalata. Boma likafuna malo anu kuti pakhale msewu, ndime 44 ya malamulo aakulu a dziko imati mudziwitsidwe nthawi ilipo, mulandire chipukutamisozi choyenera, ndipo mukhoza kukadandaula kukhothi.