Chiyankhulo pa Kaphunzitsidwe ka Masamu m'Sukulu za Pulayimale ku Chintheche

Mawu oyamba

Anthu ambiri amakhulupirira kuti masamu alibe chiyankhulo popeza 2 + 3 ndi 5 kulikonse. Komatu mwana amayamba kuwamva masamu kuchokera pakamwa pa mphunzitsi asanawaone m'buku. Nkhani ino ikuunika za mwana wa ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, amene kwawo amayankhula Chitonga koma kusukulu amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi. Mfundo yake ndi yakuti mwana wotere akalephera samu, nthawi zambiri chimene chamugonjetsa ndi mawu, osati manambala.

Mbiri ya chiyankhulo chophunzitsira

Sukulu si chinthu chachilendo kuderali. Mu 1881 mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear n'kukakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, ndipo Atonga ambiri anaphunzira kumeneko. Mu 1968 boma linakhazikitsa Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo ana a m'dziko lonse ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti m'makalasi amenewa ana aziphunzira m'chiyankhulo cha makolo awo, koma mabuku a ana anapitirirabe kukhala a m'Chichewa. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Pa kusintha konseku, Chitonga sichinapeze malo enieni m'buku la masamu. Komanso mayeso a masamu a Sitandade 8, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, amalembedwa m'Chingerezi.

Kawerengedwe ka m'Chitonga ndi m'Chichewa

Ziyankhulo ziwirizi zimawerenga mofanana. Mchewa amati chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, pamene Mtonga amati chimoza, viŵi, vitatu, vinayi, vinkhondi. Akafika pa 5 onse amayamba kuphatikiza: 8 ndi "zisanu ndi zitatu" kapena "vinkhondi ndi vitatu". Apa dzina la nambala ndi samu kale. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Zisanu ndi zitatu ndi zingati?" wanena yankho m'funso momwemo. Izi zikhoza kusokoneza mwana, komanso zikhoza kumuthandiza. Amene akudziwa kuti 8 ndi 5 ndi 3, ndiponso kuti 7 ndi 5 ndi 2, savutika kupeza 8 + 7: aphatikiza zisanu ziwirizo kukhala 10, kenaka 3 ndi 2 kukhala 5, yankho 15.

Phindu lina lili pa makumi. Nambala 13 m'Chichewa ndi "khumi ndi zitatu", m'Chitonga "chumi ndi vitatu". Khumi limayamba, zotsalazo n'kutsatira, monga momwe timalembera 1 kenaka 3. M'Chingerezi mawu akuti "thirteen" amayamba ndi 3, ndipo kukhutu kwa mwana amamveka ngati "thirty". N'chifukwa chake ana ena akauzidwa kuti alembe 13 amalemba 31 kapena 30. Nawo mawu akuti "eleven" ndi "twelve" saonetsa n'komwe kuti muli khumi.

Komabe kawerengedwe kathu kali ndi vuto lake. Nambala 78 imakhala "makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu", mawu ataliatali oti mwana angasochere pakati. Ichi n'chifukwa chake pamsika anthu amatchula mitengo m'Chingerezi ngakhale akucheza m'Chitonga. Choncho sikoyenera kutaya mayina a Chingerezi. Chofunika n'chakuti mwana amvetse kaye m'chiyankhulo chake mmene nambala yamangidwira, ndipo dzina la Chingerezi libwere ngati njira yachidule yoitchulira.

Masamu a nkhani

Vuto limakula pa masamu olembedwa m'ziganizo. Funso likati msodzi anali ndi nsomba 12, wagulitsa 5, "how many are left?", mwana amene anaphunzira kuti "left" ndi kumanzere amaima mutu. Akamva "difference" amafuna kufotokoza kusiyana kwa maonekedwe, pamene funso likufuna kuchotsera. Mwana yemweyo atafunsidwa m'Chitonga akhoza kuyankha 7 asanagwire n'komwe pensulo. Mphunzitsi amene wangothetha yankho sadziwa ngati mwanayo walephera kuchotsera kapena walephera kumva funso, chonsecho mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana.

Zimene mphunzitsi angachite

Choyamba, mwana akalakwa samu ya nkhani, mphunzitsi abwereze funsolo pakamwa m'Chitonga. Akayankha bwino, ndiye kuti chofunika kuphunzitsa ndi mawu. Ngati mphunzitsiyo ndi wochokera kwina ndipo Chitonga sachidziwa, apemphe mwana wina kuti afotokozere anzake, ndipo iye mwini aphunzireko mawu ochepa a kawerengedwe.

Chachiwiri, zitsanzo zichokere kunyanja ndi kumudzi. Mwana wa ku Chintheche amaona usipa ukugulitsidwa pa milu ndi pa ndowa, amaona asodzi a chilimira akugawana ndalama akabwerako, ndipo amatumidwa kumsika n'kubwera ndi chenji chokwanira. Kumeneku ndi kuchulukitsa, kugawa ndi kuchotsera. Bawo nayo ili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32.

Chachitatu, zipangizo zisadikire ndalama. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza ndipo mabuku sakwanira. Koma timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi sitigulidwa. Mtolo umodzi ndi timitengo titatu ndi "chumi ndi vitatu" chooneka ndi maso.

Mawu omaliza

Mwana amene wasochera pa makumi m'Sitandade 2 amapita nalo vutolo mpaka ku mayeso a Sitandade 8, amene amatsegula kapena kutseka khomo la sekondale. Ife ophunzira za ziyankhulo tili ndi gawo lathu: kusonkhanitsa ndi kulemba mawu a masamu a m'Chitonga, mogwirizana ndi aphunzitsi a kuderali, kuti mphunzitsi watsopano akafika ku Chintheche apeze poyambira.