Sikelo Ikaima Musataye Mtima

Phunziro la mwezi uno likunena za opaleshoni yochepetsa thupi, makamaka za milungu yoyamba wodwala atatuluka m'chipatala. Mwina ena mwa inu owerenga mufunsa kuti, "Kodi nkhani yotere itikhudza bwanji ife a kumudzi?" Dziwani kuti kunenepa kopitirira muyeso sikulinso vuto la anthu a kutali okha ai. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali ndi vutoli. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi 5 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wolemera kuposa muyeso. Opaleshoni imene tikunenayi imachitika m'zipatala zikuluzikulu za maiko monga South Africa, India, Britain ndi America, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito kapena kukalandira chithandizo. M'bale wotere akabwera kudzachirira kumudzi, omuphikira ndi omulimbitsa mtima ndinu.

Kodi opaleshoni imeneyi ndi yotani?

Madokotala sayesa kunenepa ndi maso. Amatenga kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake nawerengera nambala yotchedwa BMI. Mwachitsanzo, mayi wamtali mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 90 ali ndi BMI ya 35. Nambalayi ikafika 25 munthu walemera kuposa muyeso, ndipo ikafika 30 ndiye kuti kunenepako kwasanduka matenda. M'chaka cha 2022 mabungwe akuluakulu a madokotala a ntchitoyi anagwirizana kuti opaleshoni iyenera munthu amene BMI yake yafika 35, kapenanso 30 ngati ali ndi matenda monga a shuga. Chotero si opaleshoni yofunira kukongola, koma yopulumutsa munthu ku shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kuwawa kwa maondo.

Njira zake zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi gastric bypass, imene Dr. Edward Mason wa ku Iowa m'dziko la America anaiyamba m'zaka za m'ma 1960. Dokotala amapatula kachigawo kakang'ono ka chifu, kofanana ndi dzira la nkhuku, nakalumikiza ku matumbo kotero kuti chakudya chimalambalala mbali yaikulu ya chifucho. Yachiwiri ndi sleeve gastrectomy, imene amachotsa pafupifupi magawo anai mwa magawo asanu a chifu, nasiya chotsalacho chili chowonda ngati nthochi. Pa njira zonsezi munthu amakhuta msanga, ndiponso njala imachepa.

Chimene chimadabwitsa odwala ambiri

Tiyerekeze kuti mayi wina walowa m'chipatala akulemera makilogalamu 110. Pa milungu iwiri yoyamba sikelo ikutsika tsiku ndi tsiku, ndipo banja lonse likukondwa. Koma pofika mlungu wachitatu sikelo yaima. Lolemba yaonetsa 103, Lachinai 103, Lolemba linalo 103 yomweyo, chonsecho mayiyo akungomwa timsuzi ndi kaphala kamadzimadzi. Pamenepo amayamba kulira mumtima kuti, "Ndalama zonse zija zapita pachabe, ine ndiye opaleshoni yandikana."

Mayi ameneyu akudzizunza popanda chifukwa. Kuima kwa sikelo pa nthawi imeneyi kumachitikira odwala ambiri, ndipo madokotala amakuyembekezera. Sikelo imayesa munthu yense, mafupa, minofu, madzi, mafuta ndi zam'mimba pamodzi. Siingathe kukuuzani chimene chachoka ndi chimene chabwera. Tiyeni tione zifukwa zake.

1. Thupi lili ndi mosungira chakudya muwiri. Shuga wina limamusunga m'chiwindi ndi m'minofu, monga mayi asungira ufa m'dengu la m'nyumba kuti aphike msanga. Mafuta ndiwo nkhokwe ya panja, imene amatapamo kwambiri dengu likachepa. Shuga wosungidwayu madokotala amamutcha glycogen, ndipo galamu imodzi ya iyeyu imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Munthu akayamba kudya pang'ono, thupi limayamba ndi dengu lija, ndipo madzi ake amatuluka ndi mkodzo. Ndicho chifukwa chake sikelo imathamanga poyamba: chambiri chimene chachoka ndi madzi. Kenaka thupi limatsegula nkhokwe ya mafuta, nilibwezera pang'ono shuga ndi madzi m'dengu muja. Mafuta akuchoka, madzi akubwerera, motero sikelo imaoneka ngati yaima.

2. Pa nthawi ya opaleshoni wodwala amalandira madzi a diripi, ndipo mabala a m'kati akamapola amatupa nasunga madzi. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ena amatuluka m'chipatala akulemera kuposa mmene analowera.

3. Kudzimbidwa nkofala pa masiku amenewa, pakuti munthu akudya pang'ono, akumwa pang'ono, ndiponso mankhwala ena opha ululu amalimbitsa chimbudzi. Kwa amayi, masiku oyandikira kumwezi thupi limasunganso madzi.

4. Mafuta sasungunuka tsiku limodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi mphamvu yokwana makalori pafupifupi 7,700. Ngakhale thupi litamagwiritsa ntchito makalori 1,000 kuposa amene munthu wadya tsiku lililonse, pamafunika mlungu wathunthu ndi kanthu kuti kilogalamu imodziyo ithe.

Kuima kumeneku kungatenge masiku owerengeka kapena milungu ingapo, kenaka sikelo imayambanso kutsika. Ntchito ya opaleshoniyi siyesedwa pa mwezi umodzi: thupi limapitiriza kuchepa kwa miyezi 12 mpaka 18. Wina amatsika msanga, wina mochedwa, malinga ndi msinkhu, kulemera kumene anayamba nako, ndi matenda amene ali nawo. Musayerekeze wodwala wanu ndi wa mnzanu.

Zoyenera kuchita

Tsatirani ndondomeko ya kadyedwe imene dokotala wa opaleshoniyo anapereka. Kawirikawiri wodwala amayamba ndi zamadzimadzi, kenaka zophwanyaphwanya, kenaka zofewa, ndipo zolimba zimabwera patapita milungu ingapo. Nsima isafulumire.

Zakudya zomanga thupi zikhale patsogolo, chifukwa ndizo zimapoletsa mabala ndi kuteteza minofu. Wodwala amafunika magalamu osachepera 60 a zomanga thupi pa tsiku, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Mkaka, chambiko, mazira, nsomba yochotsa minga, nyemba zophwanya ndi nsinjiro pang'ono zingathandize pamene nthawi yake yakwana.

Amwe madzi okwana lita imodzi ndi theka pa tsiku, koma pang'onopang'ono, osati mogugudiza. Asamwe madzi akudya. Adikire mphindi 30 atamaliza. Atafune bwinobwino, pakuti kwa iyeyu mwambi wa kufulumira kumeza kutafuna kukadakoma ndi lamulo lenileni.

Amwe mavitamini ndi mankhwala oonjezera magazi amene anapatsidwa, ndipo amenewa ndi a moyo wake wonse. Ayende pang'ono tsiku lililonse, koma kulima, kusinja ndi kusenza ndowa zidikire kufikira dokotala atalola. Akwere sikelo kamodzi pa mlungu, m'mawa, pa sikelo yomweyo. Ayesenso chiuno ndi tepi ya telala, chifukwa nthawi zambiri lamba amakhwepa sikelo ili chiimire.

Zoyenera kupewa

Ngozi yaikulu ya milungu imeneyi si kuima kwa sikelo, koma zimene munthu amachita atataya mtima. Wina amadzimana ngakhale kachakudya kochepa kaja, motero amafooka ndipo mabala amachedwa kupola. Wina amagula mankhwala otsegula m'mimba kapena zitsamba za pamsika, zimene zimangochotsa madzi m'thupi. Wina amati, "Basi, zalephereka," nabwerera ku zakumwa za shuga ndi mowa, zimene zimadutsa m'kachifu kaja mosavuta. Abale nawonso asamukakamize kudya pomumvera chisoni, chifukwa chifu chosokedwa chikadzaza mopitirira munthu amasanza ndi kumva ululu. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac angayambitse zilonda m'chifu. Asamwe popanda chilolezo cha dokotala. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi azikapimitsa kawirikawiri, pakuti mankhwala ake akale angakhale atamukulira. Mayi asatenge pathupi kufikira patapita miyezi 12 mpaka 18. Akafunse za kulera ku chipatala.

Zizindikiro zofunika kuthamangira ku chipatala

Musadikire kuti kuche mukaona izi: mtima kugunda mothamanga munthu ali chikhalire, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kupuma mobanika, kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi, chimbudzi chakuda kapena cha magazi, mkodzo wochepa ndi wofiirira, ndiponso kusanza kosalekeza. Kusanza kwa masiku angapo kumachepetsa vitamini B1 m'thupi, ndipo zimenezi zingaononge ubongo ndi mitsempha. Popita ku chipatala nyamulani makalata onse a opaleshoniyo.

Phunziro kwa tonsefe

Ambiri a ife sitidzachitidwa opaleshoni yotere, koma alipo amene achipatala anawalangiza kuchepetsa thupi kaamba ka shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Thupi lanu limayenda mwa njira yomweyi: madzi amatsogola, sikelo imaima, mafuta amatsatira. Kutsika ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa mlungu nkokwanira. Munthu wa makilogalamu 100 akachotsa 5 kapena 10 okha, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kale kutsika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso okambirana

1. Nchifukwa ninji sikelo imatsika msanga pa milungu iwiri yoyamba?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zingaimitse sikelo pamene mafuta akuchepa.
3. Ndi zizindikiro ziti zimene zifunika kuthamangira nazo ku chipatala?

Ngati pali pena pamene simunamvetse, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo muwerengereko anzanu amene satha kuwerenga.