Phunziro la Kadyedwe: Ma Antioxidant ndi Chiyani, Nanga Amayezedwa Bwanji?

Tsiku la malipiro likafika m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo, pamabwera anthu ogulitsa ufa wa chammwamba ndi timabotolo ta zitsamba. Amati muli "ma antioxidant" ambiri, ndipo ena amafika ponena kuti ukamamwa zimenezi ukhoza kusiya ma ARV. Mawuwa ndi achilendo, choncho tiyeni tiwamvetse.

Mukadula nthochi n'kuisiya pa mphepo imada. Mukaidontheza madzi a mandimu imachedwa kuda. M'thupi mwathu mumachitikanso zofanana ndi kudaku, makamaka pamene thupi likulimbana ndi matenda. Ma antioxidant ndi zinthu za m'zakudya zimene zimachepetsa kuonongekaku. Vitamini C wa m'magwafa, malambe ndi mandimu ndi mmodzi mwa zinthuzi. Tiyi amene timathyolayu alinso nazo zake.

Akatswiri akafuna kuyeza amanyika tsamba kapena chipatso kuti atenge madzi ake, n'kuwasakaniza ndi mankhwala otchedwa DPPH. Mankhwalawa ndi a mtundu wa pepo. Akakumana ndi ma antioxidant amasuluka n'kusanduka achikasu, ndipo makina amawerenga kuti asuluka motani.

Pagulu lanu mukhoza kuyesa zofanana nazo. Phikani kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kazizire, kenaka donthezani ayodini pang'ono. Kasanduka kabuluu wakuda. Gawani mofanana m'matambula atatu. M'loyamba donthezani madzi a mandimu, m'lachiwiri tiyi wopanda mkaka, m'lachitatu madzi wamba. Werengani madontho mpaka mtundu utasuluka. Mukatha mutaye, musamwe.

Koma chochitika m'tambula si chimene chimachitika m'magazi a munthu. M'chaka cha 2012 unduna wa zamalimidwe ku America unachotsa mndandanda wake wa muyezo wa ma antioxidant m'zakudya, poona kuti manambalawo sakusonyeza phindu lenileni m'thupi, komanso amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Palibe muyezo wotere umene unasonyezapo kuti chakudya chimapha kachirombo ka HIV. Akuluakulu akukumbukira chikhamu chimene chinapita kwa a Chisupe ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape. Edzi sinathe. Chimene chinadzutsa odwala kuno ndi ma ARV, amene bungwe la MSF linayamba kupereka ku Thyolo mu 2003.

Idyani magwafa, mapapaya, bonongwe ndi nkhwani monga gawo la magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ndiwo zamasamba musaziphike mpaka kulekana, ndipo soda muchepetse chifukwa amaononga mavitamini.

Za tiyi, ine ndimamwa tsiku lililonse, koma ali ndi vuto limodzi: amatchinga thupi kutenga ayironi wa m'zakudya. Amayi oyembekezera ndi onse ochepa magazi azidikira ola limodzi akatha kudya asanamwe. Ngati mwagula kale ufa kapena botolo la zitsamba, litengeni popita kukalandira mankhwala, adokotala akalione.