ZA KUUNIKA NDI MAYENDEDWE ACE

Mwezi uno tiphunzire za kuunika, pakuti munthu wodziwa mayendedwe ace sanyengedwa ndi madzi a mumtsinje.

1. Kuunika kumayenda molunjika. Taonani ceza ca dzuwa polowa pa kabowo ka tsindwi m'nyumba ya utsi: ciongoka ngati cingwe cokokedwa. Ife tipenya cinthu pamene kuunika kocokera pa cinthuco kwalowa m'diso mwathu. Ici anacitsimikiza Ibn al-Haytham, wophunzira wokhala ku Cairo, monga zaka 1,000 zapitazo. Ndipo diso liyesa masiku onse kuti kuunika kwadza ndi njira yoongoka, kungakhale kwakhota panjira.

2. Kuunika kumabwerera. Kukagunda pa kalirole kapena pa madzi odikha, kubwerera monga mpira woponyedwa pansi. Kukagwa cilili, kubwerera ndi njira yomweyo. Kukagwa copendekeka, kucoka ku mbali inayo ndi kupendekeka komweko, kosaposa ndi kosacepa. Cifukwa cace tiona nkhope zathu m'kalirole. Koma khoma lozira liri ndi timaenje tambirimbiri, ndipo limwaza kuunika ponseponse. Motero tiona khoma lokha, nkhope ai.

3. Kuunika kumapindika. Mumpweya kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma m'madzi makilomita 225,000 okha. Ganizani za ngolo yocoka pa njira youma ndi kulowa mumcenga camcamba. Gudumu limodzi liyamba kutitimira, linzace likali kuthamanga, ndipo ngolo ikhota. Momwemonso kuunika kukhota polowa m'madzi copendekeka, ndi poturukamonso. Lamulo la kupindikaku analilemba Ibn Sahl ku Baghdad caka ca 984, ndipo Willebrord Snell analipezanso ku Leiden caka ca 1621.

Yesani nokha. Ikani ndalama m'mbale yakuya, nimubwerere m'mbuyo kufikira mlomo wa mbale waibisa. Tsono mnzanu athiremo madzi pang'onopang'ono. Ndalama idzaoneka, ingakhale siinasunthe ndipo inunso simunasunthe. Kuunika kwace kwapindika poturuka m'madzi, ndipo kwafika m'diso mwanu.

4. Cenjezo. Popeza diso silidziwa za kukhotako, zonse za m'madzi zioneka pamwamba koposa pamene ziri. Ndodo yomiza m'ndowa ioneka yothyoka. Wolasa nsomba ndi mkondo akaloza pamene aiona, mkondo upita pamwamba pace. Ayenera kuloza pansi pang'ono.

Cacikuru ndi ici: madzi oyera aoneka osaya koposa momwe ali. Tikayang'ana pansi cilili, dziwe lakuya mapazi 4 lioneka ngati la mapazi 3. Tikayang'ana patsogolo tiri ciimire pagombe, pansi paoneka pafupi koposanso. Mwana aona miyala bwino lomwe, nayesa kuti madzi amlekeza m'cifuwa, koma ndiwo omiza mutu. Potero, abale, pooloka pamalo pacilendo tisakhulupirire maso okha; tiyambe tayesa ndi ndodo yaitali, ndipo ana athu tiwaphunzitse comweco.

Mafunso:
1. Cifukwa ninji sitiona nkhope zathu pa khoma?
2. Kuunika kuthamanga koposa kuti, mumpweya kapena m'madzi?
3. Dziwe looneka lakuya mapazi 6, kuya kwace kwenikweni ndi mapazi angati?