Kuwala Kodzutsa Phata la Atomu

Zolengedwa zonse zooneka ndi maso zidapangika ndi tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo pakati pa atomu iriyonse pali phata lake. Phatalo ndi louma mutu zedi: kuti ligwedezeke pamafunika mphamvu yoopsa, yoposa kutalitali ya nyali iriyonse. Koma liripo phata limodzi lomvera msanga, la chitsulo chotchedwa thorium-229.

Nyali yolidzutsa ndi laser, imene Theodore Maiman adayamba kuipanga m'chaka cha 1960. Dzinalo n'lachilendo, ndipo akatekisti achenjere kuti ana asalisokoneze ndi Leza wa makolo. Laser itulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, kolunjika ngati muvi.

M'chaka cha 2024 akatswiri a ku Vienna ndi a ku Braunschweig, motsogozedwa ndi Thorsten Schumm ndi Ekkehard Peik, adalengeza kuti alidzutsa phatalo. Adaika thorium m'kati mwa mwala woonekera ngati galasi, wa calcium fluoride, nauunikira ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kumene sikungathe kupyola mu mpweya. Nchifukwa chake adayamba achotsa mpweya wonse m'njira yake. Mapata adalandira mphamvu, naisunga mphindi ngati 10, kenaka adaibweza mwa kuwala pang'ono.

Aliyense amene adaimbapo belu la Angelus adzamva msanga nkhaniyi. Belu likamenyedwa limalirabe kanthawi, ndipo wofuna kulimenyanso kuti amve bwino liwu lake ayenera kudikira, kapena kuligwira ndi dzanja. Momwemonso phata: cholinga cha akatswiri ndicho kupanga wochi yoyendera kugunda kwake, pakuti phata liri lobisika m'katikati, ndipo zakunja siziliputa kawirikawiri. Tsono wochi yodikira mphindi 10 isanayesenso ndi yaulesi ndithu.

Dzanja logwira belu lidapezeka. M'chaka cha 2025 akatswiri omwewo adaonetsa kuti kuwala kwa laser, kukapitiriza kuunikira mwalawo, kufulumiza mapata odzuka kubwerera mwakale, kotero kuti nthawi ifupika pafupifupi katatu. Chodabwitsa n'chakuti mwala ukazizira kwambiri kufulumirako kuchepa. Ichi chisonyeza kuti kuwala sikugwira phata pakokha ai: mwala umene ulisunga uthandizapo, monga mtanda wopachikapo belu uli ndi gawo pa kulira kwake.